Kodi magalasi amamalizadi maso?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 46, ndimasoka zovala ku Ndirande. Chaka chino ndikuvutika kulowetsa ulusi pa singano, ndipo kuti ndiwerenge uthenga pafoni ndimachita kuitalikitsa. Anzanga akuti ndisayerekeze kuvala magalasi chifukwa amamaliza maso, ndiye ndakhala ndikudontheza mankhwala amene ndinagula pamsika. Bambo anga anachita khungu pang'onopang'ono asanamwalire. Nditani?

Yankho: Mayi, za bambo anu mwaziika kumapeto, koma ndikuona kuti ndi zimene zikukusowetsani tulo. Mtima m'malo. Vuto la singanolo silibweretsa khungu. M'kati mwa diso muli kagalasi kachilengedwe kamene kamasintha maonekedwe ake kuti tione zapafupi. Munthu akapitirira zaka 40 kamayamba kuuma, n'chifukwa chake foni mukuitalikitsa. Zimenezi zimagwera aliyense, ngakhale amene ankaona bwinobwino kuyambira ali mwana.

Tsopano za anzanuwo. Magalasi samaliza maso. Amangowongola kuwala kusanalowe m'diso, basi. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti kagalasi kaja kamapitirira kuuma mpaka cha m'ma 60, kaya munthu avale magalasi kaya asavale. Ndiye wina amayamba kuvala ali ndi zaka 45, pofika 50 akufuna amphamvupo, anthu n'kumati mwaona, amupha maso. Chonsecho ndi ukulu. Ena amati akawavula saonanso ngati kale. Iwo aiwala chabe mmene ankavutikira, chifukwa azolowera kuona bwino. Inu mukamatsinzinira pamakina tsiku lonse simukulimbitsa maso ayi, mukungodzipweteketsa mutu ndi kuchedwetsa ntchito za makasitomala.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi kabotolo ka pamsikako. Mayi, maso awiri okha omwewa, mpaka kumadontheza zimene simukuzidziwa? Ena mwa mankhwala amenewa amakhala ndi dexamethasone kapena ofanana naye. Diso limayera msanga, munthu n'kumati ndachira, koma akawagwiritsa ntchito nthawi yaitali amatha kukweza presha ya m'diso ndi kuyambitsa ng'ala. Lekani, ndipo wina asakunyengeni kufinyiramo madzi a masamba kapena mkaka wa m'mawere.

Khungu lobwera pang'onopang'ono ngati la bambo anu nthawi zambiri limakhala la ng'ala, imene imachotsedwa ndi opaleshoni munthu n'kuyambanso kuona, kapena la glaucoma. Glaucoma imeneyi ndiye ndikufuna akuyezeni, chifukwa imayenda m'magazi a pabanja ndipo imavuta kwambiri anthu akuda. Imawononga mtsempha wa diso mwakachetechete, osawawa, osafiiritsa diso. Imayamba kudya za m'mbali, kutsogolo mukuona bwinobwino, ndipo zimene yadya sizibwerera. Ikapezeka msanga, mankhwala odontheza tsiku ndi tsiku amatsitsa presha n'kuteteza zotsalazo. Magalasi ongoyesa kwa mavenda akhoza kukuonetsani singano, koma za presha sangakuuzeni kanthu.

Muli ndi mwayi kuti muli ku Blantyre. Pa Queen Elizabeth pali chipatala cha maso cha Lions Sight First. Pitani mwezi uno, musadikire kuti mumalize maoda a mayunifolomu. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi kabotolo kaja. Adzakuwerengetsani zilembo za pakhoma diso limodzilimodzi, kenako zapafupi, n'kukuyesani magalasi osiyanasiyana mpaka apeze okuyenerani. Auzeni kuti ndinu telala, asankhe mphamvu yogwirizana ndi mtunda umene mumasokera. Akamayeza presha amayamba adontheza mankhwala ochititsa dzanzi, moti simumva kupweteka. Mwina adzadonthezanso okulitsa kamwana ka diso kuti aone mtsempha kumbuyo. Pamenepo mudzaona mwachimbuuzi kwa maola angapo ndipo dzuwa lidzakuthobwani, choncho pitani ndi munthu wokuperekezani, tsiku limenelo makina apume.

Musadikire kufunsidwa za bambo anu, yambani ndinu kunena. Ngati muli ndi shuga kapena BP, nenaninso, pakuti matenda amenewa amawononga timitsempha ta kumbuyo kwa diso, ndipo wa shuga amayenera kuyezetsa maso chaka chilichonse. Akakupezani muli bwino, funsani tsiku lobwereranso ndipo alilembe m'buku, lisapitirire zaka ziwiri. Achimwene ndi achemwali anu a bere limodzi amene apitirira zaka 40, auzeni nawonso akayezetse presha.