Kodi mayi Kamala Harris anali oyenera mpando wa pulezidenti?

FUNSO: A Mkonzi, ine ndine mkulu wa mpingo kuno ku Luchenza, m'boma la Thyolo. Mphwanga amene amakhala ku America ankatiuza pa foni kuti anthu osunga mwambo kumeneko ankanena kuti mayi Kamala Harris sanali oyenera kukhala pulezidenti pa chisankho cha 2024. Kodi anali ndi zifukwa zomveka, kapena ankangowanyoza chifukwa ndi mzimayi?

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Malamulo a dziko la America amangofuna kuti munthu akhale nzika yobadwa nayo, akhale ndi zaka 35, ndiponso akhale atakhala m'dzikomo zaka 14. Mayi Harris anakwaniritsa zonsezi, ndipo asanakhale wachiwiri kwa pulezidenti mu 2021 anali atagwirapo ntchito ya loya wamkulu wa boma la California komanso ya seneta, kutanthauza phungu wa nyumba ya malamulo ya dzikolo. Choncho ambiri a chipani cha Republican, chimene osunga mwambo ambiri amatsatira, sankakana ziphaso zawo. Ankakayikira ngati mawu a mayiwa anali odalirika.

Apa m'pamene ine ndimaona kuti otsutsawo anali ndi mfundo yolemera. Mu 2019, pamene ankafuna kuimira chipani cha Democratic, mayi Harris ananena kuti adzaletsa njira yokumbira gasi ndi mafuta yotchedwa fracking. Kampeni imeneyo inatha mu Disembala chaka chomwecho, mavoti achipani asanayambe n'komwe. Pofika 2024, atazindikira kuti sangapambane popanda chigawo cha Pennsylvania, kumene mabanja ambiri amadyera ntchito ya gasiyo, anati sadzailetsanso. Munthu akhoza kusintha maganizo, inde, koma ayenera kufotokozera anthu chimene chamusintha, ndipo anthu ambiri sanakhutire ndi kufotokoza kwawo. Wogwira ntchito pa esiteti ya tiyi amene wamva mtsogoleri akulonjeza kutseka fakitale, kenako chisankho chitayandikira n'kumva yemweyo akulumbira kuti adzaiteteza, ali ndi ufulu wofunsa kuti mawu enieni ndi ati.

Nkhani yachiwiri ndi ya thanzi la pulezidenti Joe Biden. Pa 27 Juni 2024, a Biden, ali ndi zaka 81, analephera kulongosola mfundo zawo pa mtsutso wa pa wailesi ya kanema ndi a Donald Trump, ndipo pa 21 Julayi anasiya mpikisano. Mayi Harris, amene ankagwira nawo ntchito pafupi kwambiri, anali akuwateteza nthawi yonseyo. Osunga mwambo anafunsa kuti: ngati ankaona kufooka kumeneku, n'chifukwa chiyani anakhala chete? Ife a ku Thyolo kuno tikudziwa kulemera kwa funsoli, pakuti pamene a Bingu wa Mutharika anamwalira mu Epulo 2012 tinaona ndi maso kuti wachiwiri kwa pulezidenti si munthu wongokongoletsa nsanja. Kuwonjezera apo, mayi Harris anatenga mpando woimira chipani osapikisana ndi wina aliyense pa mavoti achipani.

Panalinso nkhani ya malire ndi mitengo ya zinthu. Mu Marichi 2021 anapatsidwa udindo wothana ndi zimene zimathawitsa anthu ku Guatemala, Honduras ndi El Salvador, koma anthu ogwidwa pa malire a Mexico anapitirira 2 miliyoni pachaka mu 2022 ndi 2023, pamene kukwera kwa mitengo kunafika pa 9.1 peresenti mu Juni 2022. Sizonse zimene zinali m'manja mwawo, komabe atafunsidwa mu Okutobala 2024 chimene akanachita mosiyana ndi a Biden, anayankha kuti palibe chimene chikuwabwerera m'maganizo. Akhristu ambiri osunga mwambo anawakananso chifukwa choika ufulu wochotsa pakati patsogolo pa kampeni yawo.

Kunyoza kunalipo, bambo, sindikubisirani. Ena ankaseka kasekedwe kawo, ena ankatola nkhani ya mtundu wawo, ndipo zimenezo ndimazikana ndi mtima wonse, chifukwa sizikhudzana ndi luso lotsogolera dziko. Koma mphwanuyo sananame ponena kuti zifukwa zinalipo. Pa 5 Novembala 2024 a Trump anapeza mavoti 312 a nthumwi zosankha pulezidenti, mayi Harris 226, ndipo Pennsylvania yomwe ija inapita kwa a Trump.