Kwaya yanu ilibe mabesi? Masisitere a ku Milan analibenso

Mayi wina wophunzitsa kwaya wandilembera kuti akufuna kukonza madzulo a nyimbo zopekedwa ndi amayi, kuyambira zamakedzana mpaka zatsopano, koma kwaya yake ili ndi amayi 26 ndi abambo atatu okha. Anzake amuuza kuti nyimbo zoterozo n'zochepa, komanso kuti popanda mabesi asavutike n'komwe.

Amayi, zonse ziwirizo si zoona, ndipo choyambacho chimandiwawa mumtima. Kassia wa ku Constantinople ankapeka nyimbo m'zaka za m'ma 800, ndipo mpaka lero mpingo wa Orthodox umayimba nyimbo yake m'Sabata Loyera. Hildegard wa ku Bingen, amene anabadwa mu 1098 n'kumwalira mu 1179, anasiya nyimbo zoposa 70. Maddalena Casulana anasindikiza buku lathunthu la nyimbo za mawu anayi ku Venice mu 1568. Isabella Leonarda, sisitere wa ku Novara, anapeka pafupifupi 200. Nyimbozi zinangosowa wozitsegula, chifukwa amene ankasankha zolowa m'mabuku ophunzitsira ankazilumpha. Kuwerengako pang'ono kenako n'kumalengeza kuti kulibe ndi ulesi, ndipo mphunzitsi wa kwaya asaulole.

Tsopano za mabesizo, chifukwa yankho lanu lagona pamenepa. Chiara Margarita Cozzolani anali sisitere wa Chibenedikito m'nyumba ya Santa Radegonda ku Milan. Mu 1650 anasindikiza masalimo a mawu asanu ndi atatu, ndipo papepala pali tena ndi besi. Koma m'nyumbamo munalibe mwamuna woyimba. Pambuyo pa msonkhano waukulu wa Mpingo wa Katolika wa ku Trent, umene unatha mu 1563, masisitere anatsekeredwa mkati, anthu n'kumawamvera ali mbali ina ya khoma la tchalitchi. Ma tena ndi mabesi a papepalawo ankathandiza kuti bukulo ligulidwenso ndi makwaya a amuna ndi anyamata. Chimodzimodzinso nyimbo za Raffaella Aleotti wa ku Ferrara za mu 1593. Ndiye kwaya yodzaza ndi amayi ndi imene ili pafupi ndi mmene nyimbozi zinkamvekera kwawo. Gulu la Cappella Artemisia la ku Bologna limaziyimba ndi amayi okhaokha. Limvereni musanayambe pulakatisi.

Njira zake zilipo zitatu. Yoyamba, kwezani besi ndi octave imodzi (kuchoka pa doh kufika pa doh wotsatira wapamwamba) kuti ayimbe ma aluto a mawu otsika: F wapansi wa besi amasanduka F amene aluto wabwino amamufika. Koma samalani. Besi ikakwera imatha kudutsa pamwamba pa tena, ndiye noti imene inali maziko imakhala pakati, nyimbo n'kumamveka ngati nyumba yopanda maziko. Mankhwala ake ndi kiyibodi: dzanja lamanzere liyimbe besiyo pamalo pake penipeni, pamawu a limba la m'tchalitchi, opanda ng'oma. Yachiwiri, kwezani besi ndi tena pamodzi, tena asanduke ngati sopulano wachiwiri. Yachitatu, kwezani nyimbo yonse ndi masitepe atatu kapena anayi. Iyi ndi imene imapweteketsa anthu. Musanaiyese, pezani noti yokwera kwambiri ya sopulano. Ngati ili G wapamwamba, mukakweza masitepe atatu ikhala C, ndipo oyimba anu azingokuwa mpaka kusasa mawu. Abambo anu atatuwo aikeni onse pa besi, musawagawe.

Ndinenepo za Hildegard, chifukwa ambiri amamutenga ngati wophweka poona kuti ndi mzere umodzi wokha. Ndi wovuta kuposa onse. Mzere umodzi subisa munthu. Mmodzi akatsika pang'ono, tchalitchi chonse chimva. Mawu ake amadumpha kwambiri, nyimbo zina zimayandikira ma octave awiri, ndipo mulibe kugunda kowerengeka kwa wani, thu, fili, folo. Chinanso, makutu athu anazolowera kuthera pa doh, pamene zambiri mwa nyimbozi zimathera pa me, ray kapena lah, choncho oyimba amakokera okha ku doh. Aluto wozolowera kupeka mawu ake ndi khutu adzafunanso kulowa pansi pa sopulano. Muletseni mwaulemu koma molimba. Sankhani amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi okha, ena agwire noti imodzi yothera pansi mwakachetechete kuti kiyi isasochere. Noti yogwirayo ndi chizolowezi cha oyimba a masiku ano, si Hildegard anailemba, koma imathandiza.

Chilatini chisakuopseni. Ma vawelo ake ndi athu omwewa: a, e, i, o, u. Zolakwika zimene zimabwera ndi zitatu. Timakonda kukoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye Dominus amatuluka wolemera pa "mi" pamene kulemera kuli pa "Do". Timawonjezera vawelo kumapeto, n'kukhala "Dominusi", ndipo kasilabo kowonjezerako kamadya nthawi ya noti yotsatira. Komanso l ndi r zimasakanikirana mu gloria. Werengani mawu mokweza limodzi mphindi khumi musanayimbe noti iliyonse.

Nanga za zaka zapafupi?

Apa pokha kuchepa kwa abambo kukugwirani. Gartenlieder za Fanny Hensel, nyimbo zisanu ndi imodzi za Chijeremani zimene zinatuluka mu 1847, chaka chimene anamwalira, zinalembedwera kwaya ya amuna ndi akazi, ndipo zimafuna ma tena enieni. Musazidule, bwerekani abambo ku kwaya ina. Misa za Amy Beach, ya ku Boston mu 1892, ndi Ethel Smyth, ya ku London mu 1893, zimafuna gulu lalikulu la zoyimbira. Lili Boulanger, mayi woyamba kupambana Prix de Rome, mpikisano wa ku France wa opeka nyimbo, mu 1913, analemba zokoma koma woyimba piyano ayenera kukhala katswiri. Yang'anani kwa Undine Smith Moore wa ku Virginia, amene anakonzera makwaya nyimbo zauzimu za anthu akuda a ku America. Kamvekedwe kake oyimba anu sadzakavutikira. Koma zake, ngati za Judith Weir ndi Errollyn Wallen, zili ndi eni, ndipo muyenera kugula makope.

Zakalezo zambiri mudzazipeza mwaulere pa intaneti, pa mawebusaiti a CPDL ndi IMSLP. Posaka Aleotti yesaninso dzina la Vittoria, limene akatswiri ena amati ndi dzina lina la munthu yemweyo. Tengani makope olembedwanso masiku ano, chifukwa akale ali ndi ma clef a C (zizindikiro za kumayambiriro kwa mizere ya manoti) amene adzakusokonezani potembenuzira ku solofa, ndipo lembani kiyi yatsopano pamwamba pa pepala lililonse mukakweza. Konzani nyimbo zisanu ndi imodzi basi, mudzipatse masabata khumi ndi awiri, ndipo Hildegard mumuyambe sabata loyamba.