Za mafilimu a munthu wosowa kalekale, yankho langa kwa achemwali

Achemwali mwafunsa kuti bwanji mafilimu aja a wapolisi amene akutsegulanso fayilo ya munthu wosowa zaka 20 zapitazo amayenda pang'onopang'ono chonchi, komanso ngati zoterezi zimachitikadi. Ine ndimawaonera kwambiri moti ndiyankha motalika, mundipirire.

Kuchedwako ndiye nkhani yake. Palibe mtembo, palibe magazi, malo amene munthuyo anaonekera komaliza mwina pano pamangidwa shopu, ndiye wa CID uja atsala ndi chani? Mapepala akale ofiira ndi fumbi komanso pakamwa pa anthu basi. Ndiye muzimuona akugogoda khomo ndi khomo, kufunsa funso lomwe lija linafunsidwa kale, chifukwa amene ankaopa kulankhula nthawi ija mwina amene ankamuopayo anamwalira, kapena banja linatha ndiye mayi uja sakumubisiranso mwamuna wake, kapena gogo wina akudwala sakufuna kupita nazo kumanda. Filimu yabwino imakusonyeza kuti mudzi wonse unkadziwa kanthu, aliyense kachidutswa kake. Zija zoti kompyuta yangotulutsa dzina mu mphindi ziwiri ine zimandigwetsa ulesi, ndimazimitsa.

DNA ndi yeniyeni inde, njira yozindikirira munthu nayo anaitulukira Alec Jeffreys ku Leicester mu 1984, ndiye chifukwa chake nkhani zina amaziika m'zaka za m'ma 1970 kuti malaya amene anasungidwa nthawi imeneyo adzayezedwe lero. Koma pamafunika kuti wina anasunga malayawo bwino, apo ayi palibe choyeza.

Zoti zimachitikadi, eee zimachitika. Jaycee Dugard anabedwa ku California mu 1991 ali ndi zaka 11, anapezeka wamoyo mu 2009, tangowerengani zaka zimenezo. Madeleine McCann anasowa ku Praia da Luz ku Portugal mu May 2007 ali ndi zaka 3, apolisi a ku London anayamba kuunikanso nkhaniyo mu 2011 koma mwanayo sanapezeke. Mafilimu amakonda kutipatsa yankho kumapeto, pomwe mabanja ambiri salilandira.

Ndipo apa ndi pamene ine zimandikhudzira, chifukwa kwathu kuno nkhani zimenezi tili nazo kungoti sitinazijambule. Mawu oti matchona tinawatenga kuti? Anthu ankapita ku migodi ku Joni pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya kumigodi, osabwerako, kalata osalemba. Malume anga ananyamuka ku Ndirande kuti akukasaka ganyu ku Johannesburg, anaimba kawiri kenako zii, agogo anga mpaka tsiku lomwalira ankati akamva galimoto yaima pamsewu amadzuka kukasuzumira. Maliro sitinalire, tilira bwanji munthu sitikudziwa ngati anafa? Komanso namondwe uja wa Freddy wa March 2023, ku Chilobwe ndi mphepete mwa phiri la Soche alipo anthu amene matope anawatenga osapezekanso, m'madera ena mpaka anthu amaika thunthu la nthochi m'manda kuti mtima ukhaleko pansi.

Ndiye mukamasankha choonera, ine ndimayang'ana mmene akuwasonyezera achibale. Ngati mayi wa wosowayo angooneka kamodzi akulira kenako filimu yonse ndi wapolisi ndi mowa wake ndi banja lake losokonekera, imeneyo siyani. Koma ikakhala yoti mukuona chipinda chimene sanasinthe chilichonse, mchemwali amene anakula akumva dzina la mnzake tsiku ndi tsiku, bambo amene anthu akhala akumuloza chala zaka zonsezi pomwe mwina ndi wosalakwa, imeneyo khalani nayo ngakhale magawo awiri oyamba akuoneka ngati palibe chikuchitika. Ndipo muonere masana kapena ndi anzanu, ine ina inandisowetsa tulo ndikuganiza za malume mpaka kunja kunacha.