Za sukulu ya mkaka, musalipire musanakalowe mkati

Asisi mwafunsa za sukulu ya mkaka ya mwana wanu wa zaka ziwiri ndi hafu poti mwangosamukira kumene ku Chiputula kuno ku Mzuzu, ine ndiyankha makamaka za sukuluzo.

Chonde musapereke fizi musanakalowe nokha mkalasimo, ndipo musapite tsiku limene akuuzani, ingotulukirani cha m'ma 10 koloko ana akudya. Ine zinandionekera. Woyamba wanga ndinamulembetsa pasukulu ina yake chifukwa chongokopeka ndi geti lopentedwa zithunzi za njovu ndi kayunifolomu kokongola, mmawa ndinkamusiya pageti masana kukamutenga pageti pomwepo, mkati osalowamo. Patatha masabata atatu mwana anayamba chifuwa chosamva mankhwala, usiku onse kutsokomola. Tsiku lina ndinaweruka msanga ndikulowa mkati, ndinapeza ana pafupifupi 30 mchipinda chimodzi aphunzitsi mmodzi yekha, ana atakhala pasimenti popanda ndi mkeka omwe, mu June, inu mudzakuona kuzizira kwa kuno ndi chifunga chake chija. Wanga anali ndi thewera lomwe ndinamuveka mmawa, lolemera, kumatako kutasupuka. Ana onse amasamba mmanja mubeseni limodzi, madzi ake bii. Ndinalira asisi. Ndinamuchotsa tsiku lomwelo ndipo ndalama ya teremu sanandibwezere.

Ndiye mukapita yambani mwaona chimbudzi musanaone kalasi, funsani kuti osintha ana ndi ndani, muwerenge ana nokha chifukwa mukafunsa akuuzani kuti alipo 15. Onaninso ngati pali mpanda komanso ngati amapereka mwana kwa aliyense amene wabwera, ena amangomupatsira wakabaza osakuimbirani foni nkomwe. Chakudya muzimutengera chanu mu kontena ndi botolo lake lamadzi lolembedwa dzina.

Mitengo imasinthasintha koma masukulu ammakomboni ngati Chiputula, Chibavi kapena Zolozolo nthawi ina ndinkamva cha m'ma K30,000 mpaka K60,000 pa teremu, enawa akumayadi ankapitirira K150,000, yunifolomu padera. Ena amatchula masukulu odula okhaokha koma dziwani kuti si tonse tili ndi galimoto yoti tizikasiya mwana ku Katoto mmawa uliwonse. Wachiwiri wanga anaphunzira pa kasukulu ka mmera mpoyamba kapatchalitchi pafupi ndi nyumba, timangosonkha kangachepe ndi ufa wa phala, amayi ake osamalira ana aulemu, ndimayenda wapansi mphindi zisanu ndipo ndimalowa nthawi iliyonse popanda wondiyang'ana moipa. Mwana wa zaka ziwiri safunika kulemba ayi, afunika kusewera, kuimba ndi kudya, Sitandade 1 amayamba ali ndi zaka 6 ndiye nthawi ilipo yambiri. Sukulu imene ikupatsa kamwana kotere homuweki muithawe.

China, poti mwabwera kumene, musasiye sikelo. Ambiri timaleka mwana akangobaya katemera wachikuku wachiwiri wa miyezi 15 uja koma sikelo ndi mpaka zaka 5, ndi kumene amalandirako vitamini A miyezi 6 iliyonse komanso mankhwala a njoka zammimba. Tengani buku lake lakuchipatala mupite kuchipatala cha Mapale, alangizi a zaumoyo akuuzani tsiku la sikelo yakudera kwanu. Ndipo akangoyamba sukulu chimfine ndi kutsekula mmimba sizisowa, Thanzi azikhala mnyumba. Mukathedwa nzeru imbani ku Chipatala cha pa Foni, ndi ulere, koma akatentha thupi kwambiri kapena akamapuma mobanika musadikire kuche, thamangani naye kuchipatala.

Majuzi ndi zipewa kagulenitu pakaunjika mumsika May asanafike, kukangoyamba kuzizira amakweza.