Mukufuna sukulu ya international ku Mzuzu? Yambani mwafunsa komwe njirayo ikukathera

Mayi wina wandilembera pa imelo. Akuti kuntchito awasamutsa kuchoka ku Blantyre kubwera kuno ku Mzuzu, ndipo akubwera ndi ana atatu. Wamkulu ali ndi zaka 12 ndipo ali mu Sitandade 7 pa sukulu ina yoyima payokha yomwe imatsata silabasi ya boma. Wachiwiri ali ndi zaka 7, pomwe chitsirizira ali ndi zaka zitatu. Malipiro awo akwera pang'ono, ndiye akuganiza zowalowetsa onse atatu pa sukulu ya international. Funso lawo ndi lakuti: yabwino ndi iti, ndipo ayang'ane chiyani asanapereke ndalama?

Mayi, takulandirani kumpoto. Mubwere ndi majuzi okwanira chifukwa mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira zenizeni.

Mukangofunsa anthu m'tauni muno, mayina omwe mumve msanga ndi Mzuzu International Academy ndi Beehive School, kuphatikizapo sukulu zina zoyima pazokha zomwe zamwazikana ku Katoto, Luwinga, Chimaliro ndi madera ena. Ine sindikusankhirani dzina, chifukwa sukulu yoyenera mwana wa zaka zitatu siikhala yoyeneranso wa zaka 12 nthawi zonse. Chimene ndikufuna muchite musanaponde pachipata cha sukulu iliyonse ndi kukhala pansi n'kudzifunsa kuti mwana aliyense mwa atatuwa adzalemba mayeso ati akadzafika zaka 16, ndipo inu mudzakwanitsa kumulipirira mpaka tsiku limenelo? Makolo ambiri amayamba ulendowu ndi mtima wabwino koma amatsikira panjira, ndipo amene amavutika ndi mwana.

Ndifotokoze chifukwa chake. Sukulu zambiri zomwe zimatchedwa za international m'Malawi muno zimatsata silabasi ya Cambridge ya ku England. Gawo la pulayimale ndi la ana a zaka 5 mpaka 11, kenako pali gawo la zaka 11 mpaka 14 lomwe amalitcha Lower Secondary. Kumapeto kwa gawo lililonse sukulu ikhoza kulembetsa ana mayeso a Checkpoint ongoyesera pomwe afika. Akatero amalowa zaka ziwiri za IGCSE, mayeso omwe amalemba pa zaka 16 ofanana ndi MSCE, ndipo wofuna kupitirira amachita A Level, maphunziro okonzekera yunivesite. Palinso njira ya IB (International Baccalaureate), silabasi ina yapadziko lonse yomwe likulu lake lili ku Geneva, ku Switzerland. Kuno kwathu sukulu yodziwika ndi njira imeneyi ndi Bishop Mackenzie ku Lilongwe. Njira ya boma mukuidziwa kale: zaka 8 za pulayimale, mayeso a PSLCE, kenako JCE ndi MSCE pansi pa MANEB.

Njirazi sizilumikizana bwinobwino pakati. Mwana amene waphunzira za Cambridge kuyambira ali wamng'ono, ndalama zikakuthawani ali ndi zaka 11, mudzamupititsa ku Sitandade 6 kapena 7. Kumeneko akakumana ndi phunziro la Chichewa lomwe mwina sanalembepo, ndi kaphunzitsidwe kosiyana kotheratu, mayeso a PSLCE ali pakhomo. Anzake amamuyesa wanzeru chifukwa cha Chingerezi, koma pepala la mayeso silimva kalankhulidwe. Ndaonapo mtsikana wina wa pafupi ndi kwathu izi zitamuchitikira bambo ake atachotsedwa ntchito. Madzulo ankakhala pakhonde ndi buku la malamulo a Chichewa, akuloweza magulu a mayina ngati chiyankhulo chachilendo, misozi ili m'maso. Anakhoza ndithu, koma chaka chimenecho chinamuwawa kwambiri.

N'chifukwa chake nkhani ya ndalama ndikufuna tiyikambe mosabisa. Fizi ya pa teremu yomwe adzakuuzeni ku ofesi si ndalama yonse ayi. Pamakhala ya kulembetsa, nthawi zina ya chitukuko cha sukulu, yunifolomu yomwe amati mugule kwa iwo okha, zovala zamasewero, mabuku, basi, chakudya chamasana ndi maulendo. Mwana akafika pa IGCSE mumalipiranso mayeso phunziro lililonse palokha, ndipo mtengo wake umatsatira ndalama yakunja. Mukukumbukira kuti kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sukulu yomwe imagula mabuku kunja ndi kulipira aphunzitsi ochokera kunja singachitire mwina koma kukankhira mtolowo kwa makolo, pamene malipiro anu kuntchito sakwera pa liwiro lomwelo. Choncho apempheni akuonetseni fizi ya zaka zitatu zapitazi, yolembedwa papepala, muone momwe yakhala ikukwerera. Funsaninso fizi ya kalasi yomaliza, osati ya kalasi yomwe mwana akulowa yokha. Funsani ngati amachotsera makolo a ana angapo, komanso ngati mumayenera kuwadziwitsa teremu yathunthu musanachotse mwana. Mukawerengera n'kupeza kuti ana atatu akudya theka la malipiro anu lero, dziwani kuti zaka zisanu zikubwerazi simudzapuma.

Tsopano za kutsimikiza kuti sukuluyo ndi yoona. Kulemba mawu akuti international pa chikwangwani aliyense akhoza. Sukulu yomwe Cambridge inayivomereza imakhala ndi nambala yake ya malo olembera mayeso, ndipo pa webusayiti ya Cambridge pali pofufuzira sukulu zovomerezeka m'dziko lililonse. A IB nawonso ali ndi mndandanda wawo. Zilipo sukulu zina zomwe zimangogula mabuku a Cambridge n'kumaphunzitsa, ana n'kukalembera mayeso kwina. Zimenezo si mlandu ngati akuuzani poyera, koma muyenera kudziwa. Pemphaninso kuona chiphaso cha ku Unduna wa Zamaphunziro. Mphunzitsi wamkulu amene zinthu zake zili m'malo sakwiya ndi funso limeneli, amangotsekula kabati n'kukuonetsani.

Mukapita kukayendera sukulu, musapite tsiku lomwe akonzera alendo. Pitani Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, maphunziro ali m'kati. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndiye penti ya pakhoma ndi maluwa a pachipata zisakutengeni mtima. Pemphani kope la mwana wina wa kalasi yomwe wanu wa zaka 7 adzalowe, osati la mwana wanzeru kwambiri lomwe mphunzitsi angakusankhireni, koma lililonse pa mulu. Litsekuleni pakati. Kodi ntchito ya sabata yatha inachongedwa? Pomwe mwana analakwitsa, mphunzitsi anangodula mzere wofiira kapena analemba mawu omuthandiza? Kodi muli nkhani yomwe mwanayo analemba yekha m'mawu ake, kapena masamba onse ndi zokopera pa bolodi? Kope limodzi limakuuzani zambiri kuposa kabuku konse kotsatsa sukulu. Kenako imani pakhomo la kalasi mphindi zochepa, mumve ngati ana amafunsa mafunso kapena amangoyankha pamodzi mokuwa.

Funso lina lomwe makolo amachita nalo manyazi ndi la aphunzitsi. Funsani kuti mphunzitsi wa kalasi imeneyo wakhalapo zaka zingati pa sukulupo, ndipo chaka chatha anachoka angati. Mzuzu ili kutali ndi Lilongwe, mtunda woposa makilomita 300, ndipo si mphunzitsi aliyense wochokera kutali amene amakhazikika. Musatengeke ndi khungu kapena kalankhulidwe. Mphunzitsi wa Chimalawi amene anaphunzitsidwa bwino silabasiyo ndipo wakhala pamalopo zaka zambiri ndi wamtengo wapatali kuposa mlendo wongodutsa amene adzachoke mwana wanu asanamuzolowere.

Kwa chitsirizira wanu wa zaka zitatu, maganizo anga ndi akuti musathamangire kulipira ndalama zambiri. Pa msinkhu umenewu mwana amafuna malo aukhondo, anthu omukonda, nthawi yosewera, nyimbo ndi nthano. Mukalowa m'chipinda chawo yang'anani pansi: kodi pali mphasa kapena kapeti, kapena ana akhala pa simenti yozizira m'mawa wa nkhungu? Pitani kuchimbudzi mukaone ngati ndi cha msinkhu wawo, ngati pali madzi ndi sopo, ndiponso amene amawaperekeza ndani. Werengani ana, muwerengenso akuluakulu owayang'anira. Mukaona ana a zaka zitatu atakhazikidwa pa desiki maola ambiri akukopera zilembo, ndi homuweki pamwamba, tulukani ndithu ngakhale sukuluyo itatchuka bwanji. Sukulu ya mkombaphala yabwino ya pafupi ndi nyumba imukwanira zaka ziwiri zikubwerazi, ndipo ndalama zomwe mupulumutse zidzakuthandizani kutsogolo komwe fizi imaluma.

Za mtunda musazipeputse. Mzuzu imalandira mvula yambiri ndipo imagwa nthawi yayitali. Misewu yafumbi ya m'madera ngati Mchengautuwa ndi Zolozolo imaterera mvula ikagwa. Musanachite lendi nyumba, dziwani kaye komwe ana aziphunzira, ndipo mufunse ngati basi ya sukulu imafika kumeneko, imanyamula ana angati, ndi amene amakhala nawo m'basimo kupatula dalaivala. Mwana wa zaka 7 pa njinga yamoto ya kabaza, wopanda chipewa chodzitetezera, m'matope, ndi chinthu chomwe sindingakulimbikitseni ngakhale pang'ono.

Pali nkhani ina yomwe imandikhudza mtima. Sukulu zina zimalanga ana akalankhula chiyankhulo cha kwawo pabwalo. Funsani za lamulo limeneli, ndipo mufunsenso ngati amaphunzitsa Chichewa ngati phunziro. Ana anu akubwera mumzinda womwe anthu ambiri amalankhula Chitumbuka, ndipo ndi mwayi wawo kuti achitole kwa anzawo, kumsika ndi kutchalitchi. Chingerezi adzachidziwa ndithu pa sukulu yotere, musade nkhawa. Chomwe chimatayika mosavuta ndi chiyankhulo cha pakhomo, mpaka mwana kumalephera kucheza ndi agogo ake pa holide. Kunyumba muzilankhula nawo Chichewa mosanyengerera. Funsaninso momwe amalangira ana akalakwa, ndipo amene angakuuzeni zoona pa nkhaniyi ndi makolo omwe mungawapeze pachipata nthawi yoweruka, osati a mu ofesi.

Ndatsala ndi wamkulu uja, ndipo iyeyu ndiye wofunika kumuganizira mofatsa. Ali mu Sitandade 7, watsala ndi chaka chimodzi kuti alembe PSLCE. Ndikanakhala ine, ndikanamupezera sukulu yabwino ya silabasi ya boma kuno, amalize Sitandade 8, alembe mayesowo. Akatero amakhala ndi makomo awiri otsekuka. Akhoza kusankhidwa kupita ku sekondale ya boma kapena ya mishoni, monga Marymount ya atsikana yomwe ili konkuno ku Mzuzu, komanso akhoza kulemba mayeso olowera pa sukulu ya silabasi ya Cambridge n'kulowa Lower Secondary IGCSE isanafike. Mukamuchotsa panopa osalemba PSLCE, khomo la kusankhidwa ndi boma mwalitseka.

Ngati mwatsimikiza kuti apite njira ya Cambridge, funsani sukuluyo kuti imathera pati. IGCSE imalandiridwa pofunsira malo m'mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, bola mwana akhale ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Koma mayunivesite ambiri a ku Britain amafuna A Level kapena dipuloma ya IB. Ngati sukulu ya kuno siifika pamenepo, ndiye kuti pa zaka 16 mudzamutumiza kogonera komweko, kaya ku Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, kaya ku St Andrew's ku Blantyre komwe mukuchokera, ndipo imeneyo ndi bajeti ina yomwe muyenera kuyamba kuyiwerengera lero, chifukwa idzafika pa nthawi yomwe wachiwiri uja adzakhale akulowa sekondale.

Wa zaka 7 ndiye ali pa msinkhu wabwino wosinthira. Ngati mutawerengera mwapeza kuti thumba likukwanira mwana mmodzi yekha pakadali pano, yambani ndi iyeyo, ndipo mupemphe sukuluyo imuyese kawerengedwe ndi masamu asanamuyike m'kalasi, kuti asamubwezere m'mbuyo kapena kumudumphitsa pongoyang'ana zaka zake.