Kwa aphunzitsi amene ana awo akungoloweza History

Aphunzitsi anzanga, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti ana anu a Fomu 3 amangoloweza manotsi, mayeso akatha zonse n'kuuluka, ndiye mukufunsa ngati kuwabweretsera zolemba zakale m'kalasi kapena kupita nawo kumalo a mbiri kungathandize, pomwe silabasi ndi yaitali ndipo ahedi akuti ya basi palibe. Phunziroli ndaliphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndikuti yesani, zimathandiza ndithu. Koma mugwire chinthu chimodzi musanayambe. Kalata yakale ndi mboni, khoma lakale nalonso ndi mboni, ndipo mboni imaiwala, imakondera, pena imanama kumene. Ntchito yathu ndi yophunzitsa mwana kuifunsa mboniyo mafunso ngati mmene amachitira woweruza milandu.

Ndiyambe ndi zimene sizifuna basi. Tengani nkhani ya John Chilembwe. Pabolodi timalemba zifukwa za kuukira kwake: thangata, msonkho, nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, nkhondo ya 1914. Mwana amaziloweza ngati mndandanda wa maina, osamva kuti pali munthu wamoyo kumbuyo kwake. Chonsecho Chilembwe anasiya mawu ake. Mu Novembala 1914, patangopita miyezi iwiri asilikali achikuda atafa pa nkhondo ya ku Karonga pakati pa Angelezi ndi Ajeremani, iye analembera kalata nyuzipepa ya Nyasaland Times. Anadandaula kuti anthu osauka, amene nthawi ya mtendere sawerengeredwa, akutengedwa kukafera nkhondo yosakhala yawo n'kusiya amasiye kumbuyo, ndipo anati kunkhondoko kupite anthu olemera ndi eni minda. Boma linaletsa kuti kalatayo isafalikire. Ine ndimawapatsa ana kalata imeneyi ndisanawauze zimene zinachitika pa 23 Januwale 1915. Kenako ndimafunsa: akulembera yani? N'chifukwa chiyani akulemba m'Chingelezi, m'nyuzipepa yowerengedwa ndi azungu? Kodi mawu awa ndi a munthu amene watsimikiza kale zomenya nkhondo, kapena a munthu amene akuyembekezerabe kuti wina amumvera? Funso lomalizali limagawa kalasi pawiri, ndipo ana amene simunamvepo mawu awo chiyambireni teremu amakweza manja. Aliyense ndimamuuza kuti aloze mzere wa m'kalatamo umene ukumuikira kumbuyo. Akalephera kuloza, maganizo akewo adikire kaye.

Tsiku lotsatira mubweretse mbali inayo. Kuukira kutatha, atsamunda anakhazikitsa komiti yofufuza imene inamva umboni wa eni minda, amishoni ndi anthu akuda. Apa mpomwe mwana amaphunzira kuwerenga mosamala. Munthu akupereka umboni pamaso pa boma limene langopha kumene anzake ambirimbiri ndi kugumula tchalitchi cha Chilembwe cha ku Mbombwe, anena zonse za kumtima kwake? Nanga mwini nkhaniyo, amene anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915 osaimako pabwalo la milandu, mbali yake tiimva kwa yani? Mwana akafika podzifunsa yekha kuti "kodi ndani sakulankhula m'pepalali", dziwani kuti History wayamba kuimva.

Chitsanzo china chimene ndimachikonda ndi cha 1959, chifukwa pamenepo zolemba ziwiri za boma lomwelo zimatsutsana. Pa 3 Malichi, Bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti Dr Banda ndi atsogoleri a Nyasaland African Congress amangidwe, ponena kuti panali chiwembu chopha azungu. Boma la Britain linatumiza woweruza milandu Patrick Devlin kudzafufuza. Lipoti lake silinapeze umboni wa chiwembu chokonzedwa ngati mmene boma linkanenera, ndipo linati dzikoli panthawiyo linali kulamulidwa mwa mphamvu za apolisi. Armitage analemba yankho lotsutsa, ndipo zonse ziwiri zinatuluka pamodzi. Ikani ndime imodzi ya uyu ndi ndime imodzi ya uyo pa pepala limodzi, ana aweruze okha. Onjezani kuti lipoti la Devlin linawerenga anthu 20 ophedwa ndi asilikali a boma ku Nkhata Bay, pomwe eni dera amatchula chiwerengero chokulirapo, ndiye mufunse kuti kusiyana kotere kumabwera bwanji.

Muwauzenso kuti zolemba zimatha kusowa. Moto umene unawotcha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unatenga mafailo ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda. Ndipo zambiri sizinalembedwe n'komwe, zinasungidwa pakamwa. Ana ena amanyoza za pakamwa kuti ndi nthano. Amenewo ndimawauza za Angoni a Zwangendaba, amene ankasimba kuti tsiku limene ankawoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo atawerengera anapeza kuti kunalidi kadamsana m'dera limenelo mu Novembala 1835. Chikumbumtima cha anthu chinasunga tsiku limene pepala silinasunge. Kuchokera pamenepo mutha kuwatuma kuti akacheze ndi munthu wachikulire amene anavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, akalembe zimene wanena, kenako m'kalasi ayerekeze ndi zimene anzawo amva kwa ena. Adzadabwa kuti anthu awiri amene anaima pamzere tsiku limodzi akusimba mosiyana.

Tsopano za maulendo. Pano ndilankhule mosabisa, chifukwa ndinalakwitsapo. Ulendo wanga woyamba ndinangokweza ana m'basi osawakonzekeretsa. Anafika, wowaonetsa malo analankhula kwa ola lathunthu, iwo akujambulana, ndipo sabata yotsatira nditawafunsa panalibe chimene anagwira. Zinandipweteka chifukwa makolo anavutika kusonkha. Chiyambire pamenepo sindipita ndi ana kulikonse asananyamule mafunso atatu kapena anayi olembedwa m'kope, ndipo tikafika ndimawapatsa mphindi 15 zongoyang'ana ndi kujambula ndi pensulo, wina aliyense asanawafotokozere kanthu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, mwana wodekha amaona yekha kuti pali zojambula zofiira ndi zoyera, ndipo pena zoyera zakwera pamwamba pa zofiira. Mukamufunsa kuti ndiye zinayamba ndi ziti, amayankha yekha, ndipo wapeza ndi maso ake njira imene akatswiri ofukula zakale amagwiritsa ntchito.

Malo amene simungafikeko, chithunzi chimakwana. Nkhani ya Great Zimbabwe, mzinda wakale wa makoma a miyala wa ku Zimbabwe, ndimaiphunzitsa chaka chilichonse ndi zithunzi zokha. Karl Mauch atafika pa makoma aja mu 1871 anaganiza za Mfumukazi ya ku Sheba, chifukwa mumtima mwake anali atakana kale kuti anthu akuda angamange makoma aatali chotero, a miyala yosanjikiza popanda matope. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula pansi, n'kuona mapale a miphika ndi zipangizo zina, ndipo onse anatsimikiza kuti omanga anali eni dziko. Komabe boma la Rhodesia linapitiriza kuphimba mfundo imeneyi kwa zaka zambiri. Miyala inali yomweyo, anthu oiyang'ana ndiwo ankasiyana. Ana akamva zimenezi amayamba kufunsa kuti nanga buku lathuli analemba ndani, ndipo funso limenelo musaliope.

Musaiwale zimene zili pafupi, zofikirika wapansi. Manda akale okhala ndi zaka pamiyala, siteshoni ya sitima yosiyidwa, chipilala cha asilikali, tchalitchi kapena mzikiti wakale, ngakhale kaundula woyamba wa sukulu yanu yomweyo. Kaundulayo mumupemphe kwa ahedi. Ana awerenge kuti chaka choyamba munali anyamata angati ndi atsikana angati, ankayamba sukulu ali ndi zaka zingati, angati anasiyira panjira. Phunziro lonse la mbiri ya maphunziro lili m'menemo, ndipo simulipira kanthu.

Za nthawi ndi mayeso, nkhawa yanu ndi yoona ndipo sindikuichepetsa. Simungachite izi pa mutu uliwonse. Ine ndimasankha cholemba chimodzi pa mutu waukulu uliwonse, chosapitirira theka la tsamba, ndipo chimatenga mphindi 20 za piriyodi yoyamba. Manotsi amabwera pambuyo pake, ndipo amalowa msanga chifukwa apeza pokhala. Chingelezi cha zolemba zakale chimakhala cholimba, choncho mawu ovuta muwamasulire pambali, koma musalembenso ndime yonse m'mawu anu, chifukwa mukatero ana akumva inu osati mboniyo. Ngati fotokope yavuta, lembani ndimeyo pabolodi kapena pa pepala lalikulu limodzi. Pamwamba pake nthawi zonse muikepo dzina la wolemba, chaka, ndi amene ankalemberedwa.

Mukadzayesa koyamba, kalasi ikhoza kungokhala chete, chifukwa ana anazolowera kuti yankho lili ndi aphunzitsi. Musafulumire kuwayankhira. Dikirani, afunseni awiriawiri akambirane, wina adzayamba. Ngati mutu wa Chilembwe uli patsogolo panu teremu ino, yambirani pa kalata ya 1914 ija, ndipo mudzatiuze pagulu pano kuti ana anu anaweruza bwanji funso lija loti anali atatsimikiza kale kapena ankayembekezerabe kumvedwa.