Ndimukweretse galu wanga kwa mlongo wake wa bambo mmodzi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena amene akugwira ntchito pafamu ya nkhosa kumpoto kwa England, chakumalire ndi Scotland. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Abwana anandipatsa galu wamkazi wa mtundu wa Border Collie, wa mapepala oonetsa makolo ake ochokera ku ISDS (International Sheep Dog Society, bungwe lolembetsa agalu okusa nkhosa). Ali ndi zaka zitatu, ndipo pa nkhosa ndi katswiri. Mlimi woyandikana nafe ali ndi galu wamphongo wabwino zedi, koma titayala mapepala tapeza kuti bambo wawo ndi mmodzi, amayi okha ndiwo osiyana. Mkuluyo akuti palibe vuto, imeneyo ndi linebreeding osati inbreeding, ndipo agalu onse otchuka anabadwa choncho. Akunena zoona? Ndikweretse?"

Achimwene, zikomo polemba. Ine ndikuti musatero, makamaka poti limeneli ndi bere lanu loyamba monga woweta. Koma mkuluyo sakunama zonse ayi, ndipo mbali imene akulondolayo ndiyo imasokoneza anthu ambiri.

Tiyambe ndi mawu awiriwo. Thupi la galu silidziwa kusiyana kwake. Onsewo akunena chinthu chimodzi: kukweretsa agalu a pachibale. Oweta amati inbreeding chibale chikakhala chapafupi kwambiri, monga bambo ndi mwana wake, ndipo amati linebreeding chikatalikirako, pamene akufuna kuti dzina la galu mmodzi wotchuka libwerezeke mbali zonse ziwiri za pepala. Malire ake aliyense amadziikira yekha. Oweta enieni amaseka okha kuti tiana tikatuluka bwino amati inali linebreeding, tikatuluka topuwala amati inali inbreeding. Nthabwala imeneyi ili ndi choonadi chochuluka kuposa zimene mungamve pamsika wa agalu.

Chimene chimayezeka ndi nambala. Mu 1922 katswiri wina wa ku America, Sewall Wright, anapereka njira yowerengera mwayi woti mwana alandire chinthu chimodzimodzi kawiri, kuchokera kwa bambo komanso kwa mayi, chonsecho gwero lake ndi kholo limodzi. Zinthu zake ndi majini, osati a mizimu aja, koma timalangizo ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo, awiriawiri. Bambo ndi mwana wake wamkazi, kapena alongo a bere limodzi, nambala imakhala 25 peresenti. Agogo ndi mdzukulu, 12.5. Asuweni, 6.25. Agalu anuwo, a bambo mmodzi amayi osiyana, ali pa 12.5. Mutha kuwerenga nokha patebulo: yambani pa wamphongoyo, kwerani kwa bambo wawo, tsikani kwa wamkazi wanuyo. Agalu atatu. Theka la theka la theka, ndiye gawo limodzi mwa 8. Ndipo nambalayo ikukwera ngati bambo wawoyo nayenso anabadwa mwa achibale, kapena ngati amayi awiriwo ali pachibale chapatali, zimene mwa agalu a nkhosa a dera limodzi si zachilendo.

Tsono pamene mkuluyo akulondola ndi pa mbiri. Border Collie yense wa lero amabwerera kwa galu mmodzi, Old Hemp, wobadwa mu 1893 kwa Adam Telfer ku Northumberland, dera lomwelo limene mukukhala kapena pafupi nalo. Agalu a nthawi imeneyo ambiri ankakusa nkhosa ndi phokoso. Hemp ankagwira ntchito mwakachetechete, mutu pansi, maso pa nkhosa, nkhosazo n'kumayenda zokha. Abusa anatengeka naye, n'kumabweretsa agalu awo aakazi, moti amati anabereka ana oposa 200 asanafe mu 1901. Bungwe la ISDS linakhazikitsidwa mu 1906, magazi a Hemp atafala kale paliponse.

Kenako kunabwera Wiston Cap. Ngati munaonapo chizindikiro cha ISDS, galu wowerama uja, mimba pafupi kukhudza udzu, mwendo umodzi kutsogolo, ndi iyeyo. Anabadwa mu 1963, anamuphunzitsa ndi John Richardson, ndipo mu 1965 anapambana mpikisano waukulu wa International asanakwanitse n'komwe zaka ziwiri. Iyeyu analidi wa linebreeding: dzina la galu wina wotchuka, Cap wa J. M. Wilson, limapezeka ka 16 m'mibadwo isanu ndi iwiri ya makolo ake. Ana ake atatu anadzapambananso mpikisano womwewo. Ndiye inde, njira imeneyi inatulutsa agalu a mbiri, ndipo si ya agalu okha. Robert Bakewell wa ku Leicestershire anapanga nayo nkhosa ndi ng'ombe zake zotchuka m'zaka za m'ma 1700.

Koma taonani zimene nkhani zotere zimasiya. Cap wa Wilson uja anali kutali m'mbuyo pa pepala la Wiston Cap, sanali bambo wa makolo ake onse awiri ngati mmene zilili kwa inu. Chinanso, ife timamva za galu amene anapambana. Tiana tonse timene tinabadwa tofooka m'makola a nthawi imeneyo sitinalembedwe paliponse. Woweta wakale ankakweretsa mabere ambiri, ankadziwa agalu a mzere wake ndi maso kuyambira agogo mpaka zidzukulu, ndipo wosayenera ankamuchotsa mosanyengerera. Inu muli ndi galu mmodzi, ndipo ana ake mudzagulitsa kwa anthu amene mumakumana nawo kumsika wa nkhosa mwezi ndi mwezi.

Ndiye pali mfundo iyi, imene kwa ine ndiyo yaikulu. Chifukwa cha Hemp, Cap, Wiston Cap ndi ena ochepa amene aliyense ankathamangira, agalu anuwo ndi pachibale kale ngakhale bambo wawo akanakhala wosiyana. Pepala limene muli nalolo limaonetsa mibadwo yochepa chabe. Kuseri kwake kuli mibadwo makumi, ndipo mayina omwewo akungozungulira. Choncho 12.5 ija simukuiika pa ziro, mukuisanjika pa ngongole yakale. Galu wamphongo wotchuka amawononga mtundu mwakachetechete kuposa munthu mmodzi wokweretsa achibale, chifukwa pakatha mibadwo ingapo palibenso kothawira. Onani zimene zachitikira agalu a mtundu wa Dobermann ndi nthenda ya mtima: yafala mumtundu wonse moti kupeza mzere wopanda nthendayi n'kovuta.

Ngozi yake imabwera motere. Galu aliyense, ngakhale wathanzi chotani, amasunga majini ena olakwika amene saonekera chifukwa mnzake wa jini limenelo ndi wabwino ndipo amaphimba. Vuto limatuluka awiri olakwika akakumana. Mwa Border Collie matenda otere odziwika ndi angapo. CEA imawononga kuseri kwa diso. Agalu ambiri amaonabe, ena amachita khungu. CL imawononga ubongo galu atakula kale, cha m'ma chaka chimodzi ndi theka, mutamuphunzitsa kale ndi kumukonda. IGS imalepheretsa thupi kutenga vitamini B12. Ndiye pali TNS, imene ndi yomvetsa chisoni kuiona. Asilikali a m'magazi amapangidwa bwinobwino m'mafupa koma amakanika kutuluka kulowa m'magazi. Kamwanako kamatsalira kukula, kamutu kosongoka, anzake akulimbana pa udzu iko kali pakona kakunjenjemera. Mukapatsa mankhwala kamadzuka sabata imodzi, kenako kutsekula m'mimba, kenako kutsimphina mwendo uwu, mawa winawo. Tambiri sitifika chaka.

Tiyerekeze kuti bambo wa agalu anuwo ankasunga jini limodzi lotere. Mwayi woti wanuyo analitenga ndi theka. Wa aneba nayenso theka. Onse awiri akakhala nalo, kamwana kamodzi mwa tinayi kamadwala. Mukaphatikiza, kamwana kalikonse kali ndi mwayi umodzi mwa 16 wodwala, pa jini limodzi lokhalo. Ndipo palibe galu amene amasunga limodzi lokha.

Mwina mukuti, nanga si pali zoyeza za DNA? Zilipo, ndipo yezetsani ndithu, kaya mukweretsa kwa ndani. Ndi kathonje kopukutira m'kati mwa tsaya la galu, mumatumiza pa positi, zotsatira zimabwera pa imelo. Matenda anayi ndatchulawa onse amayezeka. Galu wosunga jini koma wosadwala musamutaye, ingomukweretsani kwa wopanda jini limenelo, palibe kamwana kadzadwale. Kutaya agalu onse osunga n'kuchepetsanso mtundu womwe wachepa kale. Koma zoyezazo zimangoona zimene asayansi anazipeza kale. Khunyu, limene limavutitsa Border Collie kwambiri, lilibe choyezera chimodzi chotere, ndipo nthawi zambiri limayamba galu ali pakati pa chaka chimodzi ndi zisanu, atabereka kale. Mavuto a chiuno amafuna X-ray. Kugontha kwa galu wa zaka zinayi kapena zisanu, pamene wafika pachimake pa ntchito, ndi tsoka lina la mtundu umenewu: galu amene samva likhweru kuphiri ntchito yake yatha.

Palinso kufooka kumene kulibe dzina la nthenda. Chibale chikamakwera tiana timabadwa tochepa m'bere, tambiri timafa tisanatsegule maso, amphongo mphamvu yobereka imachepa, moyo umafupika. Amene analimapo chimanga cha haibulidi akudziwa mbali ina ya nkhaniyi. Makolo a mbewu imeneyo ndi mizere yokwatitsidwa yokhayokha kwa mibadwo yambiri, ndipo mukaiona m'munda ndi timapesi tonyozeka, tizisononkho tating'ono. Mphamvu imabwera pamene mizere iwiri yosiyana yakumana. Ndi chifukwa chomwecho alangizi a ziweto kwathu amati tonde asakhalitse m'khola limodzi, muzisinthana ndi a mudzi wina.

Pa za malamulo, Kennel Club ya ku Britain, bungwe lolembetsa agalu a mitundu yosiyanasiyana, inasiya kulembetsa ana a bambo ndi mwana wake, mayi ndi mwana wake, kapena alongo a bere limodzi kuyambira mu 2009, BBC itaonetsa pulogalamu ya Pedigree Dogs Exposed mu 2008. Zanuzi zili kunja kwa mndandanda umenewo, ndipo aneba angakuuzeni kuti ndiye kuti n'zololedwa. Kuloledwa sikuchotsa umodzi mwa 16 uja. Chimene ndimakondera ISDS n'chakuti khomo lake silinatsekedwe: galu wopanda mapepala atha kulembetsedwa akaonetsa luso pa nkhosa pamaso pa oyesa. Ndi kakhomo kakang'ono, koma magazi atsopano amalowera pomwepo. Mitundu ya agalu a chionetsero yambiri ilibe zimenezi. Agalu a mtundu wa Dalmatian amavutika ndi miyala ya m'chikhodzodzo, ndiye pofuna kuthetsa vutoli woweta wina wa ku America, Robert Schaible, anakweretsa mmodzi ndi galu wa mtundu wa Pointer mu 1973, ndipo panatenga mpaka 2011 kuti American Kennel Club ivomere zidzukulu zake.

Funso loti mudzifunse ndi ili: mwa galu wa aneba mukufunamo chiyani chimene wanu alibe? Ngati onse awiri anatengera bambo wawo, ndiye kuti mukungowirikiza zomwe muli nazo kale, zabwino ndi zoipa zomwe. Galu wa diso lamphamvu kwambiri mukamuwirikiza mumapeza ana omata, ongoima n'kumayang'anitsitsa nkhosa osasuntha, inu mukuimba likhweru mpaka milomo kuuma. Wanuyo muyang'aneni moona mtima. Amathamanga motambalala mokwanira pokazungulira gulu? Nkhosa yaikazi yokhala ndi mwana ikamutembenukira n'kuponda pansi, amalimba kapena amabwerera m'mbuyo? Pamene akuperewerapo ndi pamene muyenera kufunira mwamuna.

Pitani ku mipikisano ya m'dera lanu nyengo ino, muime pampanda, muone agalu akugwira ntchito. Sankhani wamphongo wa zaka zisanu kapena kuposa, amene ana ake akugwira kale ntchito m'mafamu ndipo mutha kukawaona. Funsani mwini wake za khunyu mwa abale a galuyo mosapita m'mbali, ndipo muone nkhope yake poyankha. Mukayala mapepala awiriwo, tengani cholembera muzunguze dzina lililonse lopezeka mbali zonse. Likapezeka m'mbadwo wachinayi kapena wachisanu, ndipo ndi galu amene anakalamba ali wathanzi, pitirizani. Aneba aja muwauze mwaulemu kuti chaka chino ayi, ndipo muwafunse ngati akudziwa wamphongo wina wabwino kutsidya kwa phiri. Anthu otere amawadziwa onse.